Nsapato za Bambo za ku Guangzhou

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Balga, kudziko la eni, tilipo, koma mtima wanga sunakhazikike chimwalirireni bambo ndi korona.

Dzulo ndinatsegula sutikesi imene ndinapita nayo ku Guangzhou mliri usanayambe, ndipo ndinapezamo nsapato zimene ndinagulira bambo kumeneko. Tsiku logula nsapatozo ndinazungulira msika wonse, kenako ndinaima pamsewu kudya mapazi a nkhuku atsabola, uku ndikuwaimbira pa vidiyo. Anaseka nati, "Ulendo wonsewo kukadya zipalapasiro? Nsapatozo udzabwere nazo wekha, usatumize."

Ndinawamvera, malire n'kutsekedwa ndisanabwere nazo kumudzi.

Chonde funsani achimwene ngati amavala sayizi naini, ine sindingathe kuziyang'ananso. Mukapita kumanda, mukandipepesere kwa bambo kuti ndinachedwa.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Tiyamike