Madontho Atatu Kuseri kwa Chitsime

Kumbakonam, 22 Disembala

Mwana wanga Thyagu,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino kumeneko ku Toronto, iwe ndi mkazi wako Bhuvana, ndiponso kuti chifuwa cha mdzukulu wanga Mythili chinatha. Kuno ndilipo. Shuga wanga m'mawa uno anali pa 131, ndipo mawondo akundilola masitepe 14 a kukachisi, osapitirira apo.

Lero ndi tsiku la 143 chimwalirire bambo ako. Masiku onsewa pakhomo pathu sipanagwe ufa. Mwambo wake ukuudziwa, unaulemba wekha pa tsamba lathu la pa intaneti: nyumba ya maliro siijambula kolamu, chithunzi chija cha ufa wa mpunga, pakhomo mpaka chaka chithe. Ndi nkhani nambala 57, ndipo ndinakukonzeramo zolakwa zisanu ndi ziwiri.

Ndiye tandiuza, mwanawe, chinakulowa n'chiyani tsiku loyamba la mwezi wathu wopatulika wa Margazhi? Unatenga kanema wa zaka zitatu zapitazo, ine nditawerama pakhomo ndi ufa wa mpunga m'manja, ndikulumikiza madontho 21, n'kumuika pa tsambalo ndi mawu akuti ndi amayi ako m'mawa wa tsiku lomwelo.

Pa foni unati mwezi uno ndi umene anthu amafuna kuona kolamu, tsamba likangokhala duu owerenga amathawa, ndipo palibe angazindikire. Anthu 64 alembapo zoyamikira. Mwa iwo asanu ndi anayi ndi achibale. Amene sanalembepo ndi azakhali ako a Alamelu. Iwo anakwera basi n'kubwera okha.

Khofi anakana. Anaima pakhomo n'kumaunguza pansi ngati wapolisi, kenako anati ndatsukapo bwino. Ndinawaonetsa kanemayo kuti aone nsapato za achimwene awo pakona, komanso mtengo wa mandimu umene tinadula chaka chatha. Anati nsapato sizifa, ndipo iwo sawerenga mitengo ya eni. Anati zaka 46 akhala akudziwa kuti achimwene awo anakwatira mphunzitsi wa masamu, osati mkazi, ndipo tsopano dziko lonse laona kuti ndalephera kudikira ngakhale theka la chaka. Anafunsanso ngati a ku Toronto andiombera m'manja mokwanira.

Kenako anati ndigwire chithunzi cha bambo ako, ndilumbire kuti sindinakhudze ufa chimwalirire iwo. Ndikapanda kutero sadzabwera ku mwambo wotsekera chaka, ndipo akuchimuna onse adzatsatira iwowo. Ndawawerenga, ndi anthu 23. Bambo ako adzalandira nsembe yawo ya mpunga pali iwe, ine ndi wansembe basi.

Sindinalumbire, Thyagu. Chifukwa chake sindinauzepo munthu.

Tsiku la 90 ndinapeza nyerere zikuzungulirazungulira pakhomo, pamene zinazolowera kudya ufa wa kolamu. Zaka ziwiri za maliro a agogo ako awiri, aliyense chaka chake, ndinaziona zikutero, sindinazimvere chisoni. Ulendo uno ndinalephera. Ndinapita kuseri kwa chitsime n'kuika madontho atatu ndi mzere umodzi. Pofika masana zinali zitamaliza. Sindinabwerezenso, palibe anandiona, ndipo zikanathera pomwepo. Bodza lako ndilo landiimika kakasi ngati wakuba pamaso pa mlamu wanga.

Tsambali tinaliyamba kuti zathu zisatayike. Ndakupatsa makolamu 312 ochokera m'makope a agogo ako, iliyonse ndi dzina lake ndi tsiku limene imayenera. Pakhomo panu kumeneko munamata ya pulasitiki, ndinaiona pa chithunzi cha kubadwa kwa Mythili, ndipo sindinanene kanthu. Koma pano ndinena.

Kufufuta kanemayo sikukwanira, azakhali ako anamusunga m'foni. Ndapempha Jayam woyandikana nane kuti ajambule khomo lathu mmene lilili, simenti yokhayokha, nyuzipepala ya lero ili pambali. Chithunzicho akutumizira. Uchiike pamwamba pa tsambalo, ndipo ulembe m'Chitamilu, osati m'Chingerezi chokha, kuti ananama ndiwe. Pansi pake ulembe dzina lako lonse. Ukatero uwaimbire azakhali ako. Adzakulalatira mphindi zosachepera makumi awiri. Usadule foni.

Za madontho atatu aja ndidzawauza ndekha, iwe ukayamba. Mwina adzabwerabe, mwina ayi, koma akandikana andikanire zimene ndinachitadi. Makolamu 88 otsala ali m'kabati. Sindikutumizira ngakhale imodzi mpaka nditawerenga mawu akowo ndi maso anga.

Mulungu akusungeni nonse atatu m'chisanu chanucho. Undiperekere moni kwa Bhuvana ndi makolo ake, ndipo Mythili umusisite pamutu m'malo mwanga.

Ndine mayi ako,
Visalakshi