Dikira Ndidzole Kaye

Amayi, kumene muliko kuli bwanji? Ine ndikuyesa kuli bwino, poti chipitireni simunatumize dandaulo, inu amene dandaulo silinkagona m'kamwa mwanu.

Kuno tilipo. Mkazi wanga Patuma anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga chipumi chanu ndi ukali wanu womwe. Akachedwa kuyamwa, mudzi wonse umadziwa. Mvula ndiyo inatinamizanso. Inayamba bwino, tinadzala, chimanga chitafika m'chiuno inangochoka osatsanzika. Zimene tinakolola m'munda mwanu mwa kudambo zinakwana panjinga ulendo umodzi, woyendetsa ali pomwepo. Nyanja ya Chilwa nayo yathawa, moti pamene ankakocheza mabwato pano pakudutsa a kabaza. Matemba ku Nselema akuwaika timilu tochititsa manyazi. Kwathu ku Mposa anthu akukumba nyika, mizu ija ya m'matope, ena akuphika mango osapsa.

Koma nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya kamera ija munkaitcha mbuzi, chifukwa ndinkaisenza paphewa ngati ndikupita nayo kumsika. Maukwati ku Balaka anachepa, poti palibe wofuna kuitana anthu alibe chowapatsa. Ndiye bungwe lina linandipeza kuti ndikajambule midzi ya kwathu. Mkulu wawo, a Mbewe, sanandibisire. Chimanga chilipo koma sichikwanira madera onse, ndipo osankha kopita nacho amakhala kutali, amaona zimene kamera yawaonetsa basi. Anati, "Akaiona njala pakanemapo, lole ibwera kwanu. Akapanda kuiona, ipita kwina."

Ndikufotokozereni pang'ono, ngakhale za ntchito yangayi munkazimvera uku mukusankha nyemba. M'kati mwa kamera, kuseri kwa diso lake, muli kagudumu kokhala ndi timagalasi, kamodzi koyera, tina takuda mosiyanasiyana. Timatitcha mafyuluta. M'nyumba umaika koyera. Padzuwa umazunguza kagudumuko ndi chala kuti pabwere kakuda, monga munthu avalira magalasi a dzuwa. Tsiku limene ndinafika kumudzi, dzuwa likuswa mtengo, kagudumu kanakanirira pagalasi loyera. Ndinakakankha, ndinakapempha, ndinakatukwana chamumtima, koma ayi ndithu.

Ndiye anthu a kwanu mukuwadziwa. Atamva kuti kukubwera kamera, zoti ndi ya njala sanazimve, anangomva zoti ndi kamera. Amayi aang'ono, mng'ono wanu a Hawa, anatulutsa chitenje chija munawasiyira ndi duku la pa Idi. Timafuta tophikira timene tinatsala m'botolo, m'malo mothira m'ndiwo, anadzoza nato nkhope za adzukulu awo onse, iwonso n'kudzola. Mudzi wonse unachita chimodzimodzi. Ndinakumbuka chaka chija tinkadya gaga, inu mutatiimika pakhomo m'mawa, mafuta ali m'manja: "Dzolani! Njala ili m'mimba mwanu, anthu a mumsewu ikuwakhudza chiyani?"

Ndinajambulabe. Ndinachepetsa kuwala ndi njira zina zonse zimene kamerayo ili nazo, koma dzuwa la ku Chilwa silimva zimenezo. Nkhope zonyezimira, dothi loyera, kamera yopanda magalasi akuda: chimene chinatuluka ndi anthu oyera mbee, opanda mphuno, ngati ndakajambula kumene muli inuko. A Mbewe ataona anati, "Achimwene, njala ili pati apa? Ine ndikuona angelo." Anandilola kubwereza, koma anati mwezi usathe.

Ku Liwonde wokonza mafoni anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera mwaulemu, akuti mbuzi yotere sanaisendepo. Ku Balaka wina anangotulutsa mafuta a makina osokera, ine n'kuilanda msanga. Mapeto ake ndinakwera sitima ya ku Limbe. Pa Nkaya tinaima mpaka msana kuwawa, ndipo azimayi aja ankatithamangira ndi chimanga chootcha ndi nthochi anali ndi mango ophika okhaokha. Mbuzi yanga ndinaifukata pamiyendo nditaikulunga m'chitenje chanu chakale, moti mayi wina anandisendezera malo poyesa ndi khanda lodwala. Sindinawatsutse.

Ku Limbe ndinapeza mkulu wina wokonza makamera, wolongolola kuposa inu, pepani. Anaitsegulira m'kachipinda kotseka, ine n'kundisiya panja, akuti fumbi la ku Machinga limene ndabweretsa m'kameramo n'lokwanira, ndisaonjezere ndi la kumapazi. Anapeza kuti fumbilo linasakanikirana ndi girizi mpaka kuuma ngati phala la dzulo, ndipo kasipuling'i kamene kamaimitsa kagudumu pamalo pake kanathyoka. Katsopano n'kochita kuitanitsa ku Joni. Anati, "Ndapukuta. Kazizungulira, koma sikaziima kokha. Muzikagwira ndi chala, ndipo musiye kuyenda nayo pakabaza ngati thumba la makala." Za mtengo wake sindikuuzani, mungadzuke.

Ulendo wachiwiri a Mbewe anapita nane okha. Anasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango n'kuwapempha mofatsa kuti asadzole, avale zomwe amavala kumunda, kuti akutaliwo aone zenizeni. Munthu sankalakwa, amayi, ankafuna kuti lole ibwere. Anthu anangoyang'ana pansi. Amene anayankha ndi a Hawa, ndipo sanayankhe iwowo, anayankha ine.

"Che Saidi, awa ndi anzako? Uwauze kuti ine sindinabadwe mbuu. Ndikaoneke wotuwa kwa anthu osandidziwa, wondijambula ali mwana wa akulu anga? Iyayi. Chimangacho akhale nacho."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka akunyezimira kuposa ulendo woyamba, adzukulu ali pambuyo. A Mbewe anandiyang'ana. Ine ndinkadziwa kuti m'nkhokwe mwa a Hawa mukugona nkhuku, ndipo Patuma akuyamwitsa atadya kamodzi patsiku. Komanso ndinkadziwa kuti kukangana ndi magazi anu n'kutaya malovu. Ndinangoti, "Bwana, tiyeni tiyese chonchi."

Ndinazunguza kagudumu, galasi lakuda linalowa, ndinakagwira ndi chala mpaka chala kuchita dzanzi. Kunyezimira kuja kunatsika, ndipo zimene mafuta sangabise zinatulukira zokha: mafupa a m'khosi mwa a Hawa, chitenje chozungulira thupi kawiri, chibangili chija chinkawathina pamkono chitatsetsereka mpaka pachigongono. Iwo anakhala mowongoka pampando, n'kumauza kamera kuti, "Ife tili bwino, kungoti mvula sinachite bwino." Liwu loti njala silinatuluke. Koma kumbuyo kwawo kamdzukulu kawo kakang'ono, kaja munkakatcha Nyerere, kanali kakupaka chala patsaya n'kumanyambita mafuta aja. Kakamaliza tsaya ili, kayamba linali. Ine sindinasiye kagudumu. A Mbewe sanalankhulenso za kutuwa. Pobwerera m'galimoto anangoyang'ana pawindo mpaka ku Liwonde.

Lole inabwera, amayi. Si kuti yathetsa zonse, koma Patuma mkaka wabwerera, ndipo ku Mposa utsi ukufuka kawiri patsiku. A Hawa anakaima pamzere atadzola, duku la pa Idi lili kumutu. Nditawaonetsa kanemayo palaputopu, anaonera mpaka kumapeto, kenako anati, "Duku linapendekera, iwe osandiuza? Sukulu yonse ija?" Za Nyerere sanatchule, koma ndamva kuti tsiku lomwelo anamupatsa phala kawiri.

Ndikukonza kanemayo ndinkangoimitsa pankhope pa a Hawa, chifukwa akatembenukira kumanzere amakhala inu ndithu. Zaka zonsezi ndajambula akwati, ndajambula maliro a anthu osawadziwa, koma inu ndilibe ngakhale kachidutswa. Nthawi zonse ndikakweza mbuzi paphewa munkabisa nkhope ndi dzanja: "Dikira ndidzole kaye." Mukalowa m'nyumba mumapezamo ntchito ina, ine n'kudikira panja mpaka batire kutha. Ndikuganiza kuti munkachitira dala, ndipo munapambana.

Kasipuling'i akuti kali m'njira. Mulungu akalola mvula ikachita bwino, tidzakuchitirani sadaka yanu ndi mpunga wokwanira, osati zongotcha dzina. Tsiku limenelo mnzanu wa dzina ndidzamujambula asanaphunzire kukana, atadzola mpaka kumapazi. Nanenso pobwera kudzasesa pamanda panu sindidzafika ndili mbuu. Musadzachite manyazi kwa anansi anu kumeneko.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Saidi