Mwana Wawo Ali M'kati Kale

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tikudzuka, poti kudzuka salipiritsa. Mlamu wako ali bwino, ana akupita kusukulu, shopu ikutsegulidwa. Amayi nawonso akuti ali bwino. Ndalemba kuti akuti, chifukwa masiku ano za mayi anga ondibereka ndimachita kumva kwa anthu.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati munthu wakalekale. Pafoni paja iwe unangolira, ndiye zambiri sunazimve. Ukudziwa kuti achimwene anatisiya. Chimene sukudziwa n'chakuti popita anagawa amayi ngati mpando wotsala m'shopu.

Iwe unakwatiwa n'kupita kutali zinthu zisanafike poipa. Unasiya achimwene akuyendetsa shopu ya malemu bambo, ine ndikuwagwirira matabwa. Luso lawo sindingalinyoze. Mpando akaupanga sunkagwedera, ndipo kasitomala wovuta ankatuluka akuseka. Ndiye tsiku lina anangokoleka ovolosi pamsomali, kabati ya munthu ili theka, n'kunena kuti nthawi yawo yakwana, Mulungu akuwatuma kwa anthu. Ndinawafunsa ngati ife si anthu. Anandisisita m'mutu ngati mwana n'kutuluka.

Kabati ija ndinamaliza ndine. Amayi ndinawatenga ndine, ndinawapatsa chipinda cha kum'mawa chifukwa amakonda dzuwa. Kuthamanga kwa magazi kutawayamba, wowaperekeza kuchipatala ndinali ine. Miyendo ikatupa, woithowa anali mlamu wako. Sindikuwerengera, ndi mayi anga. Ndikungofuna udziwe amene analipo.

Nthawi yonseyo achimwene anali m'misewu ndi gulu lawo: ogulitsa nsomba pamsika, wina wokhometsa misonkho, azimayi amene mlamu wako sangawapatse moni. Pagulupo panali mmodzi amene ankangokhala phewa ndi phewa ndi iwo, wansomba wa pakamwa potentha amene anzake amamutcha Chiphaliwali. Umusunge m'mutu ameneyo.

Zimene ankachita sindikana, ndinaziona ndi maso angawa. Wakhungu uja ankapempha pakona pa shopu yathu lero amawerenga manambala a galimoto mokweza mpaka kutisokosa. Koma tandiuza, sing'anga wochiritsa tauni yonse angalephere kudutsa kwawo n'kuona miyendo ya mayi ake? Amayi amati iwowo sanawapemphe. Kodi ine anandipempha?

Anthu atayamba kunena kuti achimwene azungulira mutu, tinapita kukawatenga. Tinawapeza m'nyumba ina yodzaza mpaka m'mawindo. Amayi anaima padzuwa ndi miyendo yawo ija, ine n'kutuma uthenga kuti mayi ndi abale awo ali panja. Yankho linabwera lakuti mayi awo ndi abale awo ndi onse amene amamva mawu a Mulungu n'kuwachita. M'katimo anthu anawomba m'manja. Pobwerera m'basi amayi ankangomwetulira, ati mwana wawo wayankhula bwino. Ine ndinawagulira madzi, chifukwa milomo inali itawauma.

Za kutchalitchi chachikulu unazimva. Achimwene anakagubuduza matebulo a ogulitsa mafuta odzozera ndi madzi odalitsidwa, mabotolo mbwee pansi ponse. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti akulu a kumeneko sagona. Anagula msungichuma wa gulu la achimwene lomwelo, iye n'kulozera apolisi kumene achimwenewo ankapempherera. Abale atsopano aja anathawa aliyense njira yake, wina mpaka kulumbira kuti munthuyo sakumudziwa. Kutacha achimwene anatuluka m'chitokosi ali pamachira. Anakawagoneka m'chipatala, mwendo atawumanga unyolo kubedi, uku wakuba, uku wakuba.

Uthenga unandipeza ndili kunyumba kwa kasitomala, nditangozula chitseko chakale cha pakhomo. Iwe ndiwe mwana wa kalipentala, lamulo ukulidziwa: ukazula chitseko cha munthu suchoka usanapachike china. M'nyumbamo munali mayi ndi khanda, ndikanawasiya bwanji pambalambanda? Ndipo amene anandikhomerera lamulo limeneli m'mutu ndi achimwene omwewo. Ndinapachika chitseko, ndinayesa loko, kenaka ndinathamanga, utuchi uli m'mutu monse.

Pakhomo la wodi panali mlonda. Anati kwa wodwala wa apolisi kumalowa anthu awiri basi, ndiponso achibale okhaokha. Ndinamuuza kuti ndine mng'ono wake, bere limodzi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti lero tauni yonse yasanduka abale a munthu ameneyu, ndipo mayi ake alowa kale, mwana wawo ali m'kati kale.

Mlongo wanga, ndinafunsa kuti mwana wawo uti. Chiphaliwali ndiye anaperekeza amayi, ndipo kuti amulole kulowa anauza mlonda kuti ndi mwana wawo. Amayi sanatsutse. Ndinachonderera, ndinatchula dzina la malemu bambo, ndinafika pogwada. Mlonda anandilozera benchi, ati ndidikire mmodzi atuluke. Palibe anatuluka. Kunja kunada masanasana ngati kukubwera chimvula, ndipo ndili pabenchi pomwepo ndinamva kulira kwa amayi kudzera pakhoma.

Zimene zinachitika m'katimo anandifotokozera ndi amayi eni ake. Akuti achimwene anapempherera amene anawamenya, kuti Mulungu awakhululukire poti sakudziwa chimene akuchita. Akuti wakuba wa bedi lakumanja anamulonjeza kuti tsiku lomwelo akakhala naye kwabwino. Ndiye anayang'ana amayi, n'kuloza Chiphaliwali ndi maso, n'kunena kuti mwana wawo ndi ameneyo. Kwa Chiphaliwaliyo anati mayi ake ndi amenewo.

Waona? Apolisi analandira chikhululuko, wakuba analandira malo, wansomba analandira mayi. Ine ndinalandira benchi. Ndinafunsa amayi ngati achimwene anatchulako dzina langa ngakhale kamodzi. Anangoti munthuyo anali ndi ludzu kwambiri.

Ndinabwerera kushopu n'kusankha matabwa abwino kuposa onse, oti ndiwapangire bokosi ndi manja anga. Sindinafune tepi, msinkhu wawo ndimaudziwa. Ndikupaka vanishi ndinamva kuti bwana wina wolemera, amene ankawakonda mobisa ali moyo, watenga kale thupi n'kukaliika m'manda ake omangidwa ndi simenti. Bokosi lija lili kuseri kwa shopu, ndalifunditsa nsalu kuti ana asamalione.

Kuchokera kumanda amayi sanabwere kunyumba. Anapita ndi gulu lija kuchipinda china chapamwamba pa sitolo ya zitsulo, kumene akubisala atakhoma zitseko. Ndinati ndi chisoni, ndiwapatse masiku. Kenaka kunabuka nkhani imene mwina yafika kale kwanuko, yakuti manda apezeka opanda kanthu ndipo achimwene ali moyo. Akuti anaonekera kwa mzimayi wina wa m'gulumo, kenaka kwa onse, mpaka kudya nawo. Kwa onse, kupatula munthu amene anagona nawo mphasa imodzi kuyambira ali mwana.

Ndinakwera masitepe aja kukawatenga amayi. Ndinawapeza atakhala pamatiresi pansi, anthu ali thothotho, mawindo otseka. Ndisakunamize, nkhope yawo inali yowala ngati ya mtsikana. Anandigwira manja onse awiri n'kundiuza kuti amuona, ali moyo, ndipo anatuma uthenga kuti akauze abale ake. Ndinafunsa kuti abale ake ati, poti masiku ano alipo ambiri. Anati ndisiye mtima wouma, ndikhale nawo pomwepo, nanenso adzandifikira.

Ndinawauza kuti bedi lawo likuwadikira, adzukulu akuwafunsa, tiyeni kunyumba. Anati mawu omaliza a mwana wawo sangawaphwanye. Ndinati munthu womenyedwa chotero amayankhula ndi ululu, si zonse zogwira ngati lamulo. Apo anandiyankha mofatsa, ndipo kufatsako ndiko kunandipweteka. Anati ine ndili ndi mkazi, ana ndi ntchito ya manja, ndine wolimba kuyambira kale, sindinawadetsepo nkhawa. Ati anyamata awa ndi osweka mtima, akufunika mayi.

Ndiye kulimba ndi mlandu, mlongo wanga? Ndikanakhala chidakwa kapena wothawa pamavuto, bwenzi lero ndili ndi mayi. Amati chibale ndi fupa sichiola. Langa ndaliona likuola ndili maso.

Dzana Chiphaliwali anabwera kunyumba kudzatenga katundu wa amayi. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, n'kundipatsa moni kuti achimwene. Pafupi panali thabwa, ndipo Mulungu yekha ndiye akudziwa chimene chinagwira dzanja langa. Mlamu wako analongedza zovala, bulangete ndi Baibulo lawo lija lothothoka chikuto. Ine ndinangoima ndi kuyang'ana kudenga.

Ataona botolo la mankhwala, Chiphaliwali analigwedeza n'kufunsa ngati amenewa amamwa mutu ukawapweteka. Masiku onsewa amayi sanamwe ngakhale piritsi limodzi, ndipo mwana wawo watsopanoyo sankadziwa n'komwe kuti amadwala.

Ndinamukhazika pansi. Ndinamuuza kuti ndi piritsi limodzi m'mawa uliwonse akatha kudya, kaya mutu ukupweteka kaya ayi. Ndinamuuza kuti aziwayang'ana mpaka ameze, chifukwa amalibisa m'tsaya n'kukalavula kuseri. Mchere aziubisa, poti amawonjezera munthu akatembenuka. Pogona miyendo izikhala pamwamba. Akanena kamodzi kuti ali bwino ndiye kuti ali bwino, koma akabwereza kawiri athamange nawo kuchipatala. Ndinamupatsanso kampando kaja ndinawapangira kopondapo mapazi.

Iye ankangogwedeza mutu misozi ili chuchuchu, n'kumabwereza mawu anga kuti asaiwale. Ndinkafuna ndimupeze woipa, koma si woipa, ndipo zimenezo zikundiwawa koposa. Potuluka anati khomo la kumtunda kuja ndi lotsegula kwa ine nthawi iliyonse. Tangoganiza, munthu kundiitanira kwa mayi anga. Atapita ndinalowa m'chipinda chawo n'kukhala pabedi lopanda zofunda. Ndinali nditangomaliza kuphunzitsa mlendo kukhala mwana wa mayi anga, ndipo ndinamuphunzitsa bwino.

Tsono pempho langa ndi ili. Iwe ndiwe chitsirizira, amayi sakukaniza kanthu. Bwera, ngakhale masiku ochepa, alamu akuloleze. Ukalephera, ayimbire. Usawauze kuti ndakwiya, akudziwa kale. Usanamizirenso adzukulu, njira imeneyo ndayesa. Uwauze zoona zake, kuti mwana wawo wolimba uja sakulimba. Ndikumadya osamva kukoma, ndipo dzulo ndadula thabwa la kasitomala mofupikitsa, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire. Sindikuti asiye kukhulupirira zimene aona. Apemphere usana wonse kumtunda kuja ngati afuna, koma azigona kwawo.

Ndipo ngati n'zoona kuti achimwene ali moyo, poti amayi sananamepo, uwapemphe akandiperekere mawu. Sindikufuna chozizwitsa, sindikufuna kugwira mabala awo. Pa anthu onse amene anawakhululukira tsiku lija, aliyense anali ndi chimene analakwa. Abwere andiuze changa, kuti nanenso andikhululukire.

Upereke moni kwa alamu, uwathokoze chifukwa cha chipepeso chimene anatumiza. Ana uwapsompsone, uwauze kuti amalume awo sanawaiwale. Mlamu wako ndi ana akupereka moni wambiri. Mulungu akusunge, akupatse ana okukonda, ndipo iwe udzawakonde onse, ngakhale amene sakudetsa nkhawa.

Ndine mlongo wako,
Kalipentala wotsala