Amayi akuti ndabwereza kalasi ku yunivesite

Aphungu,

Ndine mtsikana wa ku Limbuli, ndili chaka chachinayi ku yunivesite. Ndinapita kukaphunzira sayansi ya zachilengedwe: madzi, dothi ndi mitengo. Tili chaka chachiwiri, ena mwa ife amene tinkakhoza bwino anatilola kuphatikizapo maphunziro ena, kuti tidzatuluke ndi madigiri awiri. Ine ndinasankha zamalamulo. Kwathu mtsinje ukada tonse timaona kuti wada, koma palibe amadziwa khomo lokagogoda. Ndinati ndidziwe kuyeza madziwo, ndidziwenso kuwalankhulira.

Koma madigiri awiri sathera pamodzi ndi imodzi. Anzanga amene ndinalowa nawo avala magauni chaka chino, ine ndatsalira. Mmodzi wa iwo ndi Ireen, wa nyumba yoyandikana ndi yathu, ndipo mayi ake ayamba kale kusoketsa zovala zofanana za abale onse.

Amayi anga atilera ndi ntchito yothyola tiyi. Nditawafotokozera pa foni anati, "Mwanawe, usandizungulire, ndinakubereka ndine. Mwana akatsala m'kalasi anzake n'kupita, ameneyo wabwereza basi. Ungondiuza, wakugwetsa ndi mphunzitsi uti?" Ndinabwerezanso kufotokoza, iwo n'kungoti, "Ehe, ngakhale kulankhula wayamba kubwereza."

Panopa asiya kupita ku Mvano, chifukwa mayi wina kumeneko anawafunsa kuti, "Nanga loya wathu uja akhoza liti?" Amalume anga a Kingstone, eni mbumba, akuti akwera minibasi ndi tambala m'khwapa, akaonane ndi "ahedi a yunivesite" kuti andikhululukire.

Kusukulu andiuza kuti ndikhoza kusiya zamalamulozo n'kuvala gauni limodzi ndi Ireen, bola ndinene teremu ino isanathe. Aphungu, zamalamulo ndimazikonda, koma amayi ndimawakonda koposa. Ndisiye?

T.D., Limbuli


Mwana wanga T.D.,

Usasiye. Koma tisanapite patali, imbira amalume ako lero lomwe, uwauze tambalayo amumasule. Ku yunivesite kulibe ahedi. Kuli maofesi ambirimbiri, iliyonse imakutumiza ku inzake, ndipo tambala wa anthu adzafera pa benchi akudikira sitampa.

Amayi ako usawaseke. Sakunama, akunena zimene maso awo aona. Ku pulayimale ya kwanu ndani anatsalapo m'kalasi chifukwa chokhoza kwambiri? Sukulu imene iwo amaidziwa ili ngati makwerero: ukwera, kapena utsakamira. Ndiye iwe wabwera ndi nkhani yoti watsala chifukwa cha nzeru, n'kuinenera pa foni, netiweki ya ku Limbuli ikudukaduka, mwinanso utathiramo "double digiri" kawiri katatu. Ngakhale ine ndikanati mwanayu wagwa, akungokometsa ndi Chingerezi. Ife ophunzirafe tili ndi matenda amenewa: chinthu chikavuta kufotokoza timangowonjezera mawu aatali.

Ndiye pita kwanu, thupi lako lenilenilo. Usakawakhazike amayi pa mpando ngati oimbidwa mlandu, loya iwe. Ukawapemphe akuperekeze kumunda. Sindinaone munda wanu, koma Mulanje ndimamudziwa: malo ndi ochepa, tiyi anatenga kwake, phiri linatenga kwake, ndipo palibe mayi wanzeru amene amadzala mbewu imodzi yokha. M'mizere yomweyo muli chimanga, muli nandolo. Ukawafunse kuti, "Amayi, chimanga mumakolola liti?" Akakuuza. "Nanga nandolo?" Akati ameneyo amatsala, amadikira dzuwa. Pamenepo ukafunse mwaulemu, maso pansi, kuti, "Ndiye kuti nandoloyo wabwereza?"

Ukakatero ukatseke pakamwa. Ndikudziwa n'kovuta kwa munthu wa zamalamulo, koma ukayesetse. Asiye amalize okha. Nzeru yodzala ziwiri pamunda umodzi ndi yawo, iwe unangoitengera kusukulu.

Amalume a Kingstone ukapite nawo kumundako. Mwini mbumba akamvetsa nkhani, mudzi wonse umamva dzuwa lisanalowe, ufune usafune. Komanso munthu amene anali wokonzeka kukagwada pamaso pa ahedi osawadziwa chifukwa cha mwana wa mlongo wake ndi wofunika kumusunga.

Dziwanso ichi. Chimene chawachotsa amayi ku Mvano si zaka zako za sukulu ayi. Ndi kusowa choyankha. Mayi wa funso uja ali ndi lilime, amayi ako apita kunkhondo chimanjamanja. Usawapatse ndime yaitali yoti aloweze. Ya nandoloyo ikwanira, ndipo adzainena bwino kuposa iwe ndi ine, ndi kamwano kake komwe. Ukawaperekeze wekha ku Mvano tsiku loyamba, utavala chitenje, ukapereke moni wogwada kwa aliyense, makamaka kwa mayi ameneyo.

Pa phwando la Ireen usabisale. Ukatunge madzi, ukatsuke mbale, ukavine mpaka fumbi. Amene amatsekera chitseko tsiku la chisangalalo cha mnzake ndi amene ali ndi chobisa. Ndipo mtima ukakakuwawa pang'ono poona gauni, usadabwe, ndiwe munthu. Ukalire kuseri kwa nthochi, ukapukute maso, ukabwerere m'bwalo.

Funso lako lenileni lija, lakuti amayi kapena malamulo, walifunsa molakwika. Mayi amene wakhala akuwerama m'mizere ya tiyi, dengu kumsana, mvula ndi mame, sanachite zimenezo kuti iwe udzafanane ndi mwana wa neba. Lero akumva manyazi, inde. Koma ukasiya, n'kudzamva patsogolo kuti unataya digiri yathunthu chifukwa cha pakamwa pa mayi mmodzi wa ku Mvano, manyazi adzatha, mkwiyo ndiye sudzatha. Ndipo mtsinje wanu uja udzakhalabe wopanda woulankhulira.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo pano sindikuseka. Mbewu ziwiri pamunda umodzi zimafuna khasu losagona. Ukalekerera, sayansi n'kufota chifukwa chotanganidwa ndi milandu ya m'mabuku, udzabwerezadi zenizeni, ndipo tsiku limenelo ngakhale nandolo sadzakuikira umboni. Phunziro likayamba kukulemera, pita kwa aphunzitsi ako msanga, usadikire mayeso akuulule.

Tambala uja amalume amusunge, azimupatsa gaga. Ali ndi ntchito kutsogoloku. Amayi nawo uwauze asawononge mawu pokangana ndi anthu: ena onse adzaimba nthungululu kamodzi, iwo adzafunika kuimba kawiri.

Aphungu