Nkhosa Yachitsulo Yagwa

Okondedwa Achemwali a Noelene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Darwin kotenthako. Kuno ku Dubbo tilipo, mvula yokha ndiyo yatikana.

Achemwali, ndagula pisitoli! Musaseke. Chilolezo chitatuluka, anzathu a ku kalabu yowombera anandibwereka mfuti zawo kuti ndiyese ndisanasankhe. Alamu anu a Trevor ankandikakamiza kamfuti kakafupi kopepuka. Ine mtima unagwa pa ya mpope wautali.

"Glenys, imeneyo ndi mfuti kapena ndodo yoyendera?" anatero.

"Inu ndi kakafupi kanuko munagwetsapo chiyani?" ndinawafunsa. 

Yaitaliyi timawombera titagona chagada, mpope utatsamira pamwendo, kulunjika nyama zachitsulo zoimikidwa patali: nkhuku, nkhumba, nkhukundembo, ndipo kumapeto kwenikweni nkhosa. Loweruka ndinagona pafumbi, ntchembere yonseyi, n'kukhethemula. Tinangomva kuti ngwee, nkhosa ija pansi khu! A Trevor anaponya chipewa m'mwamba, n'kuyamba kuuza aliyense kuti mfutiyo anandisankhira ndi iwowo.

Chimene ndinaikondera mfutiyi a Trevor sakuchidziwa. Ndikagona choncho mwendo umandigwirira mfuti, ndiye palibe amene amaona zimene dzanja langa lamanja layamba kuchita. Mukukumbuka mmene Amayi ankatayira tiyi akamanyamula kapu? Adokotala akuti ndipiteko mwezi wamawa. Koma zimenezo tidzakamba.

Nkhani ndi yakuti mpikisano wa chigawo chathu wayandikira, ndipo ndalembetsa kale. Mubwere mudzandionere chaka chino, Achemwali. Musadikire chaka chamawa.

Ndine mng'ono wanu wogwetsa nkhosa,
Glenys