Kope Lomaliza Kuchonga

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutitsani. Ife kuno tilipo, kungoti ntchito yandifika pakhosi. Sabata yonseyi ndakhala ndikuphunzitsa ana a m'kalasi mwanga kasinthidwe ka mawu m'Chingelezi, munthu akamafotokoza zomwe wina wanena. Fumbi la choko landiumitsa kukhosi, koma anawo zikungolowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Lachitatu ndinawapatsa ntchito yomwe ndimapereka chaka chilichonse: aliyense alembe mawu amene anamva kunyumba, kenako awasinthe. Ambiri analemba zowatuma kusesa ndi kutsuka mbale. Ndinachonga makope mpaka cholembera chofiira kuyamba kukana.

Lomaliza linali la mwana wanga, mdzukulu wanuyo, poti chaka chino ali m'kalasi mwangamo. Analemba kuti, "Bambo anati, 'Pakhomo pano sindidzabweranso.'" M'munsi mwake anasintha bwinobwino, osalakwitsa ngakhale pamodzi. Ine miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikumuuza kuti bambo ake anawatumiza kutali kukagwira ntchito. Tsiku limene bambo akewo ankatichokera lija, ndinkayesa mwanayo akusewera panja.

Ndinamuchongera, n'kulemba kuti wakhoza. Nanga ndikanalemba chiyani?

Mukapeza mpata mudzabwere. Amayi musawauze kaye.

Ndine mwana wa achimwene anu.