Mwana wanga anandiwina pa kabichi, koma sangandilembe pa msonkho

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye wa zaka 67, ndipo vuto langa mukalimva museka. Sekani ndithu, inenso ndikuseka, koma mundithandize mwezi uno usanathe.

Ndili ndi ana awiri. Wamkulu ndi Gitae, amakonza zikepe za m'nyumba zosanja ku Suwon. Wamng'ono ndi Boram, namwino ku Daejeon. Monga mukudziwa, Januwale aliyense anthu apantchito amadzaza fomu ya msonkho, ndipo amene akusamala kholo lokalamba amalilemba pamenepo kuti amuchotsereko msonkho. Koma kholo limodzi amalilemba mwana mmodzi basi.

Chaka chimene bambo awo anamwalira, onse awiri anandilemba, wina osauza mnzake. A msonkho anazitulukira, Boram analipira chindapusa, ndipo anatha miyezi isanu osalankhulana ndi mlongo wake. Zinandiwawa kwambiri. Ndiye ndinakhazikitsa lamulo: kumapeto kwa Novembala, tsiku lokonza kimchi, kabichi wathu wopaka tsabola amene timasunga kuti tizidya nyengo yozizira, onse azibwera kuno ku Jinju ndi mabanja awo, ndipo banja limene lapaka tsabola makabichi ambiri ndi limene lidzandilembe.

Aphungu, ine ndinkangofuna kuti ana angawo akhale pansi moyang'anizana. Sindinadziwe kuti ndayambitsa chikondwerero. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi palibe anajombapo. Gitae amabwera pa sitima ndi mkazi wake ndi ana awo awiri, atanyamula bokosi la nyama ya ng'ombe londinyengerera. Boram amapempha tchuthi kuchipatala, n'kubwera pa galimoto ndi mkamwini wanga, kumbuyo atadzaza mapeyala. Amakhala pabwalo mozungulira mabeseni, manja psuu ndi tsabola, pakamwa posatseka. Boram ndiye amayamba kuputa mlongo wake.

"Achimwene, mukupaka kabichi kapena mukumusisita kuti agone?"

"Iwe, manja obayira jakisoniwo pano sathandiza. Amayi, tabwerani muone, uyu akungopaka masamba apamwamba, m'kati muli mbee!"

Ine ndimakhala pa kampando kanga n'kumatsegula kabichi aliyense ngati woweruza milandu, wopakidwa mwachinyengo ndimabweza. Tikamaliza timadya nyama ya nkhumba yowiritsa ndi kimchi yatsopanoyo, woluza n'kutsuka mabeseni. Chaka chonse palibe tsiku limene ndimasangalala ngati limeneli.

Gitae analuza zaka zitatu zotsatizana. Chaka chathachi mpongozi wanga anandinong'oneza kuti mwamuna wake wakhala akugula makabichi n'kumayeserera kunyumba. Ndipo anawinadi, makabichi 41 kwa 38. Munthu wa zaka 42 anavina pabwalo ndi magolovesi ake ofiira, akukuwa kuti, "Chaka chino amayi ndi anga! Boram, ukafuna kuwapatsa moni uziyamba wapempha kwa ine!"

Ndinaseka mpaka misozi, koma pali chimene sindinawauze. Kuyambira mwezi wa Malichi ndili pantchito. Mayi Pyo, amene amagulitsa ndiwo zophikaphika kumsika, analawa tinsomba tanga tokazinga, n'kunena kuti, "Achemwali, manja amenewa mukuwasungira ndani m'nyumbamo?" Anandilemba ntchito mwalamulo, m'mawa mokha, malipiro a ma won 900,000 pa mwezi, ndalama za kwathu kuno. Chikwatiwire sindinalandirepo malipiro a dzina langa. Ndinagula jasi yobiriwira osapempha munthu. Makasitomala akafika amafunsa kuti tinsomba ta lero wakazinga ndani, akamva kuti ndine, amagula mapaketi awiri. Ndikukuuzani, ndabwerera ku utsikana.

Sabata yatha Mayi Pyo anandipatsa fomu yanga ya msonkho, yangayanga, n'kundiuza kuti, "Inutu tsopano ndinu wapantchito. Mwana wanu asakulembeninso, malipiro anu adutsa malire."

Tsiku lomwelo Gitae anaimba foni. "Amayi, fomu ndikapereka kumapeto kwa mwezi. Dzina lanu ndalilemba ndi zilembo zikuluzikulu."

Ndinangoti, "Wachita bwino, mwana wanga."

Sindikuopa kuti akwiya, Gitae mkwiyo wake sudutsa chakudya chamasana. Chimene ndikuopa ndi Novembala. Ana angawa ndi anthu otanganidwa, ulendo ndi wautali, ndipo kimchi masiku ano amagulitsa m'sitolo iliyonse. Mphoto ikachoka, adzabweranso? Kodi ndingokhala chete chaka chino? Kapena ndisiye ntchito kuti chaka chamawa dzina langa likhalenso ndi mtengo? Ntchitoyi ndimaikonda, koma tsiku lija ndimalikonda kuposa.

O.M.J., Jinju

Mayi O.M.J.,

Ndasekadi, ndipo ndikukuyamikirani chifukwa cha ntchitoyo ndi jasi yobiriwirayo. Koma tisachedwe, tiyambe ndi chofulumira.

Muimbireni Gitae lero, asanapereke fomu. Mayi Pyo akunena zoona: kholo limene malipiro ake a pantchito apitirira ma won 5,000,000 pa chaka silingalembedwe ngati munthu wosamalidwa, ndipo inu malire amenewo munawadutsa kalekale. Musaganize kuti zibisika. Malipiro anu analembedwa kale kwa a msonkho, ndipo masiku ano makompyuta awo sachedwa kuona kholo limene ladutsa malire. Mukakhala chete, Gitae adzabweza ndalamazo ndi chindapusa pamwamba, n'kudzamva za ntchito yanu kuchokera kwa kalaliki wa kuntchito kwake. Mukabisa matenda maliro adzaulula. Munaona kale zimene chindapusa chimodzi chinachita m'banja mwanu.

Pomuuzapo, mumutonthoze ndi nkhani yabwino. Zimene amachotsera anthu olera ana zawonjezedwa posachedwapa, ndipo iye ali nawo awiri. Aonetsetse kuti zimenezo zalowa pa fomu yake malinga ndi zaka za anawo. Ngati pali mwana amene anakulipirirani kuchipatala chaka chathachi, afunse ngati malisitiwo angawerengedwe, chifukwa malamulo a zachipatala ndi osiyana ndi a dzina lanu. Afunsenso za inshulansi yanu ya zaumoyo, poti tsopano muli pantchito.

Inunso dzazani fomu yanu mosamala, ndipo mupite nokha ku ofesi ya msonkho mukafunse ngati mukuyenera thandizo limene boma limapereka kwa apantchito olandira zochepa. Limatengera zimene mumalandira ndi katundu amene muli naye, ndiye sindikulonjezani kanthu. Koma safunsa anadya phula, ndipo za kumva kwa anzanu a kumsika musazidalire.

Tsopano za kusiya ntchito. Ayi. Musayerekeze n'komwe. Mukufuna kutaya malipiro a chaka chonse ndi chimwemwe cha m'mawa uliwonse pofuna kusunga mphoto imene simukudziwa ngakhale kukula kwake.

Imani ndikuuzeni kukula kwake. Mwana akalemba kholo la zaka zanu, amamuchotsera ma won 1,500,000 pa ndalama zodulidwa msonkho. Sikuti amamupatsa ndalama zonsezo m'manja. Chimene chimabwerera m'thumba mwake ndi msonkho wa ndalamazo, ndipo kwa munthu wa malipiro wamba zimakhala pakati pa 200,000 ndi 400,000. Tsopano tengani pensulo. Matikiti a sitima a anthu anayi, kupita ndi kubwera. Bokosi la nyama ya ng'ombe, limene mtengo wake mukuudziwa kuposa ine. Makabichi oyeserera aja. Kwa Boram, mafuta a galimoto, mapeyala, ndi masiku a tchuthi amene namwino amachita kuwalimbirana. Wowina amabwerera kwawo ataluza, woluza ndiye osanena.

Ndipo musaganize kuti ana anuwo masamu amenewa sawadziwa. Amadzaza fomuyi chaka ndi chaka, amaona okha chimene chimabwera. Munthu wamkulu amene analuza katatu n'kumabwerabe, mpaka kukayeserera kukhitchini kwake, sakuvutikira tindalama ta msonkhoto. Ine ndikuona kuti anawo anayambana atangoferedwa bambo, anachita manyazi kupepesana, ndipo inu munawapatsa chifukwa chokumanira popanda wina kugwada. Anachilandira ndi manja awiri chifukwa nawonso ankachifuna.

Sindinganame kuti Gitae sakhumudwa. Akhumudwa, ndipo mwina chimupweteke kwambiri n'chakuti mwagwira ntchito miyezi khumi osamuuza. Ena amamvanso manyazi, amati anthu aziti sitikusamala amayi athu. Mukamva zimenezo musakangane naye. Muuzeni kuti simunapite kumsika chifukwa cha njala, munapita chifukwa mumakondwa. Pepesani chifukwa chobisa, koma musapepese chifukwa chogwira ntchito. Kenako muimbireninso Boram tsiku lomwelo, asamve kwa mlongo wake. Konzekani, aseka mpaka foni kugwa, ndipo Gitae sadzapuma nayo nkhaniyi kwa zaka khumi.

Chenjezo langa ndi ili. Ndakuonani kale m'kalata yanu, ndinu mayi wochenjera, ndipo muyamba kuganiza zoika mphoto ina m'malo mwa yakaleyo, kaya envulopu ya ndalama za malipiro anu, kaya china. Musatero. Mukaika mphoto ina, mudzakhalanso zaka zisanu ndi chimodzi mukukayika ngati amabwerera inu kapena envulopuyo. Novembala akayandikira, imbani foni opanda kanthu m'manja, munene mawu amene mwakhala mukuwazemba chimwalirire bambo awo: "Ana anga, ndakusowani, bwerani."

Phungu wanu